Mapepala a Keyala: kodi mbiri ya nkhondo ndi ya midzi yathu inalembedwa pati?

Funso lake

M'maboma a Zomba, Machinga, Mangochi, Mulanje, Ntcheu, Nkhata Bay ndi Karonga muli mabanja ambiri odziwa kuti gogo wawo wina anapita kunkhondo ya azungu. Ena akusungabe mendulo, lamba kapena chikalata chotulukira usilikali. Ambiri anatsala ndi mawu okha: anali wa Keyala, anasenza katundu pa nkhondo ya Ajeremani, anapita ku Burma, sanabwerere. Munthu wofuna kudziwa zoposa pamenepa amakumana ndi mafunso atatu. Kodi za anthu amenewa zinalembedwa pati? Analemba ndani, ndipo ankalemberanji? Nanga zolembedwazo tingazikhulupirire mpaka pati?

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. Buku la mbiri limalembedwa zinthu zitachitika kale, ndi munthu amene cholinga chake ndi kufotokozera owerenga. Zosungidwa m'nyumba ngati National Archives ya ku Zomba ndi zina: ndi mapepala omwe anabadwa pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Muli kalata ya bwanamkubwa yopita ku London, kaundula wa malipiro a asilikali, lipoti la pachaka la bwana DC, buku la ubatizo la pamishoni, chigamulo cha khoti. Kalaliki wolemba kaundula wa malipiro sankaganiza za mdzukulu wodzawerenga patapita zaka 100. Ankangofuna kuti ndalama zigwirizane. N'chifukwa chake pepala lotere nthawi zambiri limalondola pa tsiku, malo ndi ndalama, koma limakhala chete pa chilichonse chomwe ofesiyo inalibe nacho ntchito.

Kuno kwathu mbiri ya asilikali ndi mbiri ya midzi sizilekanitsika. Msilikali ankalembedwa kudzera mwa mfumu. Chakudya chake chinkachokera m'nkhokwe za anthu wamba, katundu wake ankasenzedwa pamutu ndi alimi, ndipo akabwerako ankafikira m'mudzi momwemo ndi ndalama, zilema, nyimbo ndi maganizo achilendo.

Gulu lankhondo lomwe linabala mapepalawa

Dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston anayamba ndi kagulu ka asilikali ochokera ku India, kenaka n'kumalemba anthu a konkuno. Nkhondo zawo zoyamba zinali za m'dziko momwe muno ndi m'malire mwake: ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Jalasi, ndi Mlozi ku Karonga mu 1895, ndi Inkosi Gomani woyamba yemwe anaphedwa mu 1896, ndiponso ndi Angoni a Mpezeni mu 1898. Malinga ena a nthawi imeneyo ndiwo anasanduka maboma: Fort Johnston ndi Mangochi wa lero, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Hill ndi Chitipa.

Pa 1 Januwale 1902 magulu ankhondo a Britain a m'chigawo chino anaphatikizidwa n'kukhala King's African Rifles, omwe anthu amangoti Keyala. Batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali za dziko lino. Pofika chaka chimenecho n'kuti asilikali a kuno atatumizidwa kale ku Mauritius mu 1899, ku Somaliland ndi kwa Aashanti, m'dziko la Ghana la lero, mu 1900. Mu Epulo 1903 gulu lina la batalioni yachiwiri linatsala pang'ono kutheratu pa Gumburu ku Somaliland. Mu 1911 boma linathetsa batalioni imeneyi pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ena mwa ochotsedwawo anawoloka Songwe n'kukalembedwa usilikali kwa Ajeremani ku Neu Langenburg, komwe lero ndi Tukuyu. Nkhondo itabuka mu 1914, anthu omwe anaphunzira kuguba pa bwalo limodzi ku Zomba anapezeka akuwomberana.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika msanga kuno. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Britain ya Guendolen inawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja, ndipo pa 9 Sepitembala panali nkhondo ya pa Karonga. Kuchoka apo asilikali ndi onyamula katundu anathamangitsana ndi mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, kudutsa Tanganyika ndi Mozambique, mpaka iye anakagonja ku Abercorn, Mbala wa lero ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Pa nkhondo yachiwiri a kuno anamenya ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940, ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anapitanso ku Malaya. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha, batalioni yoyamba inasanduka Malawi Rifles, yachiwiri n'kupita ku gulu lankhondo la Zambia.

Mndandanda wa malowu uli ndi tanthauzo kwa wofufuza. Gulu lankhondo limasiya mapepala komwe likulu lolilamula lili, osati komwe msilikali anabadwira.

Momwe mapepala anamwazikira

Chinthu choyamba chomwe wofufuza amamva ku Zomba ndi moto wa 1919. Chaka chimenecho nyumba ya maofesi akuluakulu a boma la atsamunda inapsa, ndipo mafayilo a kulikulu a kuyambira 1891 anapsera momwemo. Taonani zomwe zinachitika m'zaka zimenezo: nkhondo za Johnston, kuyamba kwa msonkho wa nyumba, kuwukira kwa John Chilembwe, ndi nkhondo yonse ya 1914 mpaka 1918. Nyengo yomwe dziko lino linasautsidwa kwambiri ndi nkhondo ndi yomwenso mapepala ake a kulikulu anasanduka phulusa.

Zomwe zinapulumuka zinapulumukira kayendetsedwe ka boma la atsamunda. Bwanamkubwa sankachita chachikulu osalembera London, ndipo kalata inkapita ndi zomata zake: malipoti, ziwerengero, nthawi zina umboni wonse wa mlandu. Makalatawo ali ku National Archives ya Britain ku Kew. A Nyasaland ali m'gulu lotchedwa CO 525, a Keyala ali mu CO 534, ndipo mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku a magulu ankhondo ali mu WO 95 pa nkhondo yoyamba, WO 169 ndi WO 172 pa yachiwiri. Koma chopita ku London chinali chopetedwa kale, chomwe bwanamkubwa ankafuna kuti akuluakulu ake aone. Dandaulo la mfumu, kalata ya kalaliki kapena lipoti losakoma la ofisala wamng'ono zinkatsala mu fayilo ya ku Zomba, ndipo fayiloyo ndi yomwe inapsa.

Ofesi yosunga zakale inatsegulidwa ku Zomba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, yomwe likulu lake linali ku Salisbury, Harare wa lero. Inadzaima payokha mu 1964, ndipo lamulo loiyendetsa ndi la 1975. M'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, za chitetezo zinali m'manja mwa boma la chitaganyacho. Choncho mapepala ambiri okhudza asilikali a kuno a zaka zimenezo anabadwira ku Salisbury, ndipo mafayilo a boma limenelo anatsalira komweko.

Kumwazika kwina kunali kwadala. Maiko akamayandikira ufulu, maofisala a Britain ankasankha mafayilo omwe sankafuna kuti boma latsopano liwaone. Ena ankawatentha, ena ankawatumiza kwawo mwakachetechete. Izi zinavomerezedwa poyera mu 2011, pa mlandu womwe okalamba a ku Kenya ozunzidwa m'nthawi ya Mau Mau anasumira boma la Britain. Zinadziwika kuti ku Hanslope Park kunkasungidwa mafayilo pafupifupi 20,000 ochokera m'maiko oposa 30. Anatulutsidwa mu 2012 ndi 2013 pansi pa dzina la FCO 141, ndipo a Nyasaland alimo. Otenthedwa aja ndiye anapitiratu.

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi mapepala sanapse, koma khomo linali lovuta kulowa. Wofufuza ankafunika chilolezo cha boma, ndipo mitu ina, monga kugawanika kwa nduna mu 1964, inali yosayenera kuikhudza n'komwe. Pamwamba pa zonsezi pali adani osasankha boma: chiswe, chinyezi, denga lodontha ndi kuchepa kwa ndalama zosamalira.

Pepala lililonse lili ndi kawerengedwe kake

Buku la zochitika za tsiku ndi tsiku linkalembedwa ndi ofisala wa batalioni. Limathandiza kudziwa komwe gulu linagona, mtunda womwe linayenda, tsiku lomwe linakumana ndi adani ndi momwe chakudya chinalili. Koma kalembedwe kake kali ndi chizolowezi chimodzi chomwe wowerenga amachiona msanga. Mzungu akaphedwa amatchulidwa dzina ndi udindo, pomwe asilikali akuda nthawi zambiri amangowerengedwa: akufa angati, ovulala angati. Onyamula katundu amatchulidwa makamaka akathawa kapena akachepa.

Kaundula wa mamendulo ndiye amatchula msilikali aliyense, dzina, nambala ndi gulu lake, chifukwa mendulo imayenera kufika kwa mwini wake. Pepala lolembera munthu usilikali linkafunsa dzina, mtundu, mudzi, mfumu ndi boma. Apa pali misampha. Ambiri ankalembetsa dzina limodzi lokha, ena dzina lapantchito lomwe kumudzi silinkadziwika. Kalaliki ankalemba momwe wamvera, choncho dzina limodzi lingapezeke m'malembedwe atatu. Malire a maboma nawonso anasintha, ndipo mudzi womwe unalembedwa pansi pa boma lina mu 1916 lero ungakhale m'boma lina.

Mabuku a maboma, omwe DC aliyense ankalembamo n'kusiyira womulowa m'malo, ndiwo ali pafupi kwambiri ndi mudzi. Muli mibadwo ya mafumu, mikangano ya malire, misonkho, njala, miliri ndi maganizo a bwanayo pa mfumu iliyonse. Sanali ku likulu, choncho ambiri sanakhudzidwe ndi moto wa 1919. Kuwawerenga kuli ngati kumva mlandu pabwalo kuchokera kwa wodandaula yekha: zomwe akunena zikhoza kukhala zoona, koma mfumu yanzeru siigamula isanamve winayo. DC akalemba kuti mfumu yakuti ndi yaulesi, mwina tanthauzo lake n'lakuti inkabisa anyamata ake kuti asatengedwe.

Mamishoni ankalembanso. Ansembe a White Fathers ku Mua ndi ku Bembeke ankasunga mabuku a zochitika pamishoni, ndipo Livingstonia, Blantyre, Nkhoma ndi Likoma anali ndi makaundula a ubatizo, maukwati ndi milandu ya mumpingo. Mapepala awo anagawikana pakati pa Malawi, Scotland, England, South Africa ndi Rome. Wamishoni ankakhala pamalo amodzi zaka zambiri kuposa DC ndipo ankamva chilankhulo, choncho amaona zomwe boma silinkaona. Koma naye anali ndi zake: gule wamkulu kwa iye unali mdani, ndipo ankalemba moteromo.

Tengatenga: owerengedwa koma osatchulidwa

Palibe pomwe kufooka kwa mapepala kumaonekera kuposa pa nkhani ya tengatenga. M'chigawo chino nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inamenyedwa makamaka m'madera opanda njanji ndi misewu yodalirika, momwe ng'ombe ndi akavalo ankafa ndi kashembe. Chakudya, zipolopolo, mahema ndi odwala zinkayenda pamitu ndi pamapewa a anthu. Wonyamula naye amadya, ndiye mtunda ukatalika pamafunika onyamula ena osenzera chakudya onyamula anzawo. Ichi ndicho chifukwa chake msilikali mmodzi wa kutsogolo ankafuna anthu ambiri kumbuyo kwake.

Ziwerengero zomwe boma linatulutsa nkhondo itatha zimati Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi ogwira ntchito za nkhondo pafupifupi 200,000. Kalembera wa 1921 anapeza anthu okwana ngati 1.2 miliyoni m'dziko lonse, choncho n'zosakayikitsa kuti midzi yochepa ndiyo inatsala osakhudzidwa. Mpaka apa akatswiri amagwirizana. Amasiyana pa kamasuliridwe ka chiwerengero cha tengatengacho. Kaundula wa mtundu uwu amawerenga kulembedwa ntchito, osati munthu, ndiye amene anatengedwa katatu akhoza kuwerengedwa katatu. Izi zimakweza chiwerengero. Komanso pali omwe sanalowe m'kaundula aliyense, monga amayi ndi ana omwe ankasenza ufa ndi chimanga mitunda yaifupi, ndi omwe ankangogwidwa m'njira ndi gulu lodutsa. Izi zimachitsitsa.

Pa omwalira vuto ndi lalikulu kuposa apa. Chiwerengero cha boma cha tengatenga akufa ndi cha masauzande ochepa, ndipo ofufuza ambiri amachiona kuti n'chochepa kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wolembedwa kuti wamwalira ndi amene anafera m'chipatala cha asilikali kapena pamaso pa kapitawo. Wothawa n'kukafera m'tchire analembedwa kuti wathawa. Womasulidwa ali wodwala kamwazi n'kufera panjira yobwerera kwawo analembedwa kuti wamasulidwa. Ndipo chimfine choopsa cha kumapeto kwa 1918, chomwe chinafalikira m'njira zomwezo za asilikali ndi onyamula katundu, chinapha anthu m'midzi omwe palibe anawawerengera ku nkhondo.

Chipilala cha Keyala cha ku Zomba chili ndi mayina a asilikali omwe anafa. A tengatenga mulibe. Izi si za kuno kokha. Mu 2021 bungwe losamala manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Umboni wa zimenezi bungwelo linaupeza m'mafayilo ake omwe. Ili ndi phunziro lofunika pa zolembedwa zakale: ofesi yomwe inasala anthu inalembanso zifukwa zomwe inawasalira, ndipo zolembazo ndi zomwe zimadzaitsutsa. Momwemonso mu 2019 atolankhani anapeza m'mapepala a ku Kew kuti nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse womwe anatumikira, pomwe wakuda wa udindo womwewo m'magulu a kum'mawa kwa Africa ankalandira masheleni atatu ndi theka.

Pomwe akatswiri amatsutsana

Mkangano woyamba ndi wakuti: kodi asilikali ankapita mwakufuna kwawo? Mapepala a boma amati inde, ndipo muli choonadi. Malipiro a msilikali ankaposa a m'minda ya azungu, yunifolomu inkapatsa ulemu, ndipo wotumikira zaka zambiri ankakhululukidwa msonkho. Ena amayankha kuti kufuna kwa munthu wothinidwa ndi msonkho, thangata ndi kusowa malo olima m'mapiri a Shire sikufuna kwenikweni, komanso kuti nkhondo ikafika povuta mafumu ankapatsidwa chiwerengero choti akwaniritse. Pa tengatenga mkanganowu ndi wochepa. Umboni wa okalamba umasimba za kugwidwa usiku, ndi za akazi kusungidwa kuboma kuti amuna awo atuluke komwe abisala.

Wachiwiri ndi wa mitundu. Maofisala a Britain ankakhulupirira kuti mitundu ina inabadwa yodziwa nkhondo, ndipo kuno ankakonda Ayao. Makaundula amaonetsadi Ayao ambiri. Koma ofufuza monga Risto Marjomaa ndi Timothy Lovering anaunika nkhaniyi n'kusonyeza kuti chithunzicho sichophweka choncho. Likulu la asilikali linali ku Zomba, pakati pa Ayao, Amang'anja ndi Alomwe, omwe mapepala a nthawiyo amawatcha Anguru. Mnyamata wodziwa mtundu womwe bwana amakonda akanatha kutchula womwewo. Mzere wa mtundu m'kaundula umatiuza zomwe zinanenedwa patebulo lolembera, osati nthawi zonse za kwawo kwa mayi ake a munthuyo.

Wachitatu ndi wa Chilembwe. Kuwukira kunayamba pa 23 Januwale 1915, iye n'kuphedwa pa 3 Febuluwale. Chimodzi mwa zomwe ankadandaula chinali kutengera anthu akuda kunkhondo yosawakhudza. Pafupifupi zonse zolembedwa nthawi yomweyo zinachokera kwa omwe anamugonjetsa: milandu yozengedwa mofulumira, ndi umboni woperekedwa ku komiti yofufuza, womwe John McCracken anausonkhanitsa n'kuusindikiza mu 2015. Pali cholembedwa china cha Mmalawi, George Simeon Mwase, chomwe analemba ali m'ndende kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo Robert Rotberg anachisindikiza mu 1967. Mwase amaonetsa Chilembwe ngati munthu wodziwa kuti afa, wofuna kuti imfa yake ikhale umboni. Ena amakayika, poti Mwase sanali nawo pa zochitikazo ndipo analemba patapita zaka zoposa 15. Tisaiwalenso kuti asilikali a Keyala anathandiza kuthetsa kuwukirako, ndipo panaperekedwa mendulo yolembedwa kuti Nyasaland 1915. Banja lina likhoza kukhala ndi gogo kumbali zonse ziwiri.

Wachinayi ndi wa anthu omwe anaphedwa ndi asilikali a boma pa 3 Malichi 1959. Komiti yofufuza ya Devlin inalemba kuti pa doko la Nkhata Bay panaphedwa anthu 20 tsiku limenelo, ndipo m'dziko lonse m'masabata amenewo 51. Anthu a ku Nkhata Bay amatchula chiwerengero choposa 30. Kusiyana kotere sikutanthauza kuti wina akunama. Komiti imawerenga mitembo yomwe inalembedwa, mudzi umawerenga anthu omwe sanabwerere kunyumba.

Pali ganizo lina lofala, lakuti asilikali obwera ku Burma ndiwo anayatsa moto wa ndale za ufulu. Mapepala salichirikiza kwenikweni. Nyasaland African Congress inakhazikitsidwa mu 1944, ambiri a iwo akadali kunkhondo, ndipo oyambitsa ake monga Levi Mumba ndi James Sangala anali anthu a sukulu ndi maofesi.

Zomwe midzi inasunga yokha

Mudzi sunadikire boma kuti liulembere mbiri. Malipenga a ku Nkhata Bay, Karonga ndi Likoma, beni wa ku Mangochi ndi Machinga, ndi mganda wa m'chigawo chapakati onse amasunga kaguba, maudindo, malikhweru ndi zovala zotengera ku perete wa asilikali. Terence Ranger analemba za chiyambi cha magule oterewa mu 1975. Nyimbo zambiri za m'midzi yathu zinajambulidwa ndi Hugh Tracey m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Melvin Page, mothandizana ndi ophunzira a ku Chancellor College, anacheza ndi okalamba omwe anali asilikali ndi tengatenga pa nkhondo yoyamba. Buku lake, The Chiwaya War, linatuluka mu 2000. Zambiri zomwe tikudziwa za njala ya m'njira, zikoti, kuthawa ndi kubisala kudambwe zinachokera m'macheza amenewo. Akanachedwa zaka 15, mboni zambiri zikanakhala zitapita.

Umboni wapakamwa uli ndi zofooka zake, ndipo kuubisira zimenezi sikuulemekeza. Wokalamba amasokoneza zaka, amaphatikiza nkhondo ziwiri, amakometsa mbali yake, ndipo nthawi zina amasimba zomwe anamva pawailesi ngati anaziona. Njira yabwino ndi kuika pepala ndi mawu pambali n'pambali. Pepala lipereke tsiku ndi malo, wokalamba apereke zomwe zinkachitika pamalopo, ndipo pomwe zikutsutsana pakhale pofufuzanso, osati pofufuta chimodzi.

Zinthu zogwirika nazo ndi umboni. Mfuti yaikulu ya pa Guendolen ili ku Mangochi, manda a ankhondo a 1914 ali ku Karonga, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ili ndi zithunzi, mabuku ndi magazini yake yomwe inayamba kutuluka mu 1948. Mayina a Cobbe Barracks ndi Moyale Barracks akusunga Somaliland ndi malire a Kenya ndi Ethiopia pakamwa pa anthu omwe mwina sadziwa chiyambi chake.

Kuyambira 1964, ndi nkhani yobweza mapepala

Chodabwitsa n'chakuti mbiri ya asilikali a Malawi wodzilamulira ndi yovuta kuifufuza kuposa ya Keyala. Kuwukira kwa Henry Masauko Chipembere mu Febuluwale 1965, kulowa kwa Yatuta Chisiza kudzera ku Mwanza mu 1967, kulondera njanji ya Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique, ndi Operation Bwezani ya Disembala 1993 pomwe asilikali analanda zida a Payoniya, zonsezi zimadziwika kwambiri kudzera m'manyuzipepala ndi m'zokumbukira za anthu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zomwe boma likusunga linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, koma limapatula za chitetezo cha dziko. Chinsinsi cha nkhondo n'chomveka pa zinthu za dzulo. Pa zinthu za zaka 50 zapitazo n'chovuta kuchiikira kumbuyo.

Pa mapepala omwe ali kunja pali maganizo awiri. Ena amati omwe anachotsedwa m'maofesi a Nyasaland ndi katundu wa Malawi ndipo abwezedwe enieniwo. Ena amati chofunika ndi kuwerenga, choncho kuwajambula n'kuwaika pa intaneti n'kokwanira, makamaka poti kusamala mapepala akale kumafuna ndalama zambiri. Apa tisiyanitse mitundu iwiri. Kalata yomwe bwanamkubwa anatumiza ku London inafika komwe inkapita, ndipo chithunzi chake chingatikwanire. Fayilo yomwe inachotsedwa mobisa mu ofesi ya ku Zomba ufulu usanafike ndi nkhani ina. Ntchito yojambula inayambika kale pang'ono: British Library, kudzera mu Endangered Archives Programme, inathandiza kujambula mapepala ena a maboma ndi a mafumu a m'Malawi.

Wofuna kufufuza gogo wake ayambire pati

Ayambire kunyumba. Asonkhanitse mayina onse omwe munthuyo ankadziwika nawo, dzina la bambo ake, mudzi, mfumu yaikulu ndi dzina lakale la boma. Kenaka afunefune nambala ya usilikali, chifukwa m'makaundula a asilikali nambala ndi yodalirika kuposa dzina. Mamendulo a nkhondo yoyamba amakhala ndi nambala, dzina ndi gulu zodindidwa m'mphepete kapena kumbuyo. A nkhondo yachiwiri ambiri ankaperekedwa opanda dzina, ndiye pamenepo chothandiza ndi chikalata chotulukira usilikali kapena kabuku ka malipiro.

Akadziwa gulu, angapeze komwe linali mwezi uliwonse m'mabuku a zochitika a ku Kew, ngakhale dzina la gogoyo lisatchulidwe. Mndandanda wa zomwe zili ku Kew umafufuzika pa intaneti mwaulere, chimodzimodzi mayina a omwalira omwe Commonwealth War Graves Commission inalemba. Ku Zomba apemphe mabuku ndi malipoti a pachaka a boma la kwawo, ndipo kumpingo afunse kaundula wa ubatizo ndi maukwati. Wofufuza tengatenga asayembekezere kupeza dzina. Chomwe angapeze ndi chiwerengero cha otengedwa m'boma lake chaka chakuti, njira yomwe anadzera ndi msasa womwe ankafikira, ndipo izi aziphatikize ndi zomwe akuluakulu a pabanja akukumbukira.

Omenya nkhondo yachiwiri otsala ndi owerengeka, ndipo ana awo omwe anamva nkhanizo pakamwa pawo akukalamba. Kuwajambula mawu pafoni n'kosavuta, bola munthu apemphe chilolezo, atchule tsiku, malo ndi dzina la wolankhula koyambirira, ndipo asadule mawu pofuna kuwongolera zaka. Mapepala a pabanja asamatidwe ndi pulasitiki yotenthetsa, chifukwa ikamata siichokanso ndipo imawononga inki. Aikidwe mu envulopu youma, pamalo okwera, kutali ndi khoma la chinyezi. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anaonetsa ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe momwe katundu wa banja lonse angapitire usiku umodzi, choncho pepala lililonse lijambulidwe mbali zonse ziwiri, zithunzizo zitumizidwe kwa achibale okhala kwina, ndipo kumbuyo kwa chithunzi chakale kulembedwe mayina a anthuwo ndi pensulo, osati bolopeni.